Anati m'ketulo yanga muli mafupa a amuna anga

Abusa, akulu a mpingo, amai a chigwirizano, ndi inu nonse abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Yesu. Aleluya! Ayi, kumbuyoko sindinamve. Aleluya! Eya, tsopano ndadziwa kuti muli moyo.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andinong'oneza kuti ndifupikitse, koma abusa mundipirire, chifukwa nkhaniyi yakhala pakhosi panga nthawi yaitali, ndipo lero ituluka yonse.

Ambiri mumandidziwa. Ndine amake Tisa, uja wogulitsa tiyi ndi vitumbuwa pa geti la kamsika kathu kuno ku Kabwata. Ena mumandidziwa ndi dzina lina, limene munkanditchula chaka chatha ndikangotembenuka. Musaweramitse mitu, sinditchula munthu. Koma ndinkamva. Makutu angawa ndi abwinobwino.

Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Katete ndi malemu amuna anga, chaka chimene tinalandira ufulu. Iwo anapeza ntchito ya umesenjala m'tauni. Chinthu choyamba chimene anandigulira sichinali diresi, sichinali nsapato. Anabwera atanyamula chiketulo chachikulu, chija munthu amaphikira tiyi pamaliro. Ndinawaseka. Ndinati, "Atate ake Tisa, m'nyumba muno tilimo atatu, chimenechi tizisambiramo kodi?" Iwo anati, "Sunga, tsiku lina idzakudyetsa." Patapita zaka anagwa ku ntchito, osadwala, osadandaula, basi n'kutisiya. Ndipo ketulo ija inayambadi kundidyetsa. Ana anga aphunzira ndi ketulo imeneyo.

Tsopano ndikufunseni. Ndani muno alibe ketulo kunyumba? Mukavundukula n'kusuzumira m'kati, mumaona chiyani? Nenani, musachite manyazi. Nkhoko zoyera ngati njereza! Madzi a Lusaka ndi otero, amachokera pansi pa miyala yoyera, ndipo ukawaphika amasiya mwala wawo m'ketulo. Zikachuluka, madzi amachedwa kuwira, makala amatha, mlomo wa ketulo umatsekeka, ndipo tizidutswa toyera timagwera m'kapu. Mwana aliyense wobadwira kuno amadziwa zimenezi. Sungani mawu amenewa, abale: aliyense amadziwa.

Ine ndinali ndi njira yanga. Mnzanga wina amene ankagwira ntchito m'khitchini ku Kabulonga anandiphunzitsa kuthiramo viniga. Viniga atasowa m'masitolo, monga mmene sopo ndi mafuta ophikira zasowera, ndinatembenukira ku mandimu. Umawaduladula, n'kuwawiritsa, n'kusiya madziwo agone m'ketulo. M'mawa nkhoko zonse zafewa, umangopukuta ndi kansalu. Koma ketulo yangayo inali ndi chinsinsi chake. Pansi pake panabooka kalekale, ndipo mkulu wina wokhoma zidebe anaikapo chigamba. Anandiuza kuti, "Amai, nkhoko zikamera pa chigamba ichi, muzisiye. Ndizo zizitseka timipata. Mukadzazichotsa, mwaipha." Choncho ine potsuka ndinkaigoneka chammbali, madzi a mandimu azinyowetsa m'mbali ndi m'mlomo basi. Pansi sindinkakhudzapo.

Ndiye panali mayi wina, amake Dailesi. Wakwathu! Wa ku Katete komweko! Ankagulitsa matimati m'kati mwa msika, chakumbuyo kufupi ndi zimbudzi, kumene makasitomala safika kawirikawiri. Tinkaitanana asisi. Mwana wake ndam'berekapo kumbuyo kwanga kuno. Tiyi wanga ankamwa ulere m'mawa uliwonse, ndi chitumbuwa pamwamba. Kenako anasankhidwa kukhala tcheya wa amai a chipani pamsika. Mayo ine! Mapewa anakwera tsiku lomwelo. Chitenje chatsopano, duku lalitali, kuyenda ngati pansi pali mazira. Ndipo diso lake linagwera pamalo panga, pa geti, pamene maminibasi amaima, pamene makondakitala amatsika ndi njala.

Anayamba ndi khadi. "Onetsani khadi ya chipani." Ndinaonetsa. Anabwera ndi ya utsi, akuti mbaula yanga ikutsokomoletsa anthu. Ndinaisuntha. Zonse zitam'kanika, Satana anam'patsa nzeru ina.

Inali nthawi ya dzuwa, mandimu atasowa, ndipo ketulo yanga inali itachita nkhoko zambiri. M'mawa wina, anthu ali pamzere ndi makapu, ndinangoona amake Dailesi akubwera ndi anyamata a chipani kumbuyo kwake.

Iye anati, "Amake Tisa, bantu badandaula. Bakuti mu tiyi yanu muli vintu."

Ine ndinati, "Zinthu zanji, asisi?"

"Osaniitana asisi! Nine Tcheya!"

Analanda ketulo, n'kukhuthula tiyi yense pansi. Tiyi wa mkaka, abale, shuga wake ndinachita kuimira mzere tsiku lathunthu! Anatenga mpeni wanga wodulira buledi, n'kupala m'kati, khwee khwee, n'kugwedezera m'dzanja lake. Tizidutswa toyera. Anakweza dzanjalo m'mwamba n'kufuula kuti, "Onani! Mafupa ya muntu! Ndiye chifukwa makasitoma bonse bathamangila kuli uyu! Mufunseni, mwamuna wake anafa bwanji? Muntu osadwala! Mwamumwa mu tiyi, imwe bonse!"

Abale, abale anga. Amuna anga. Munthu amene anandigulira ketuloyo. Akuti ndinawapha, ndinawapera, ndikuwagulitsa m'makapu.

Ndinayang'ana anthu. Ndinayang'ana mmodzimmodzi. Ndinkadikira kuti wina aseke, anene kuti, "Ba Tcheya, ivo ni va manzi chabe, na ise tili navo." Panali amai ogulitsa kapenta. Panali abambo a butchala. Panali ena amene timaimba nawo limodzi muno Lamulungu lililonse. Onsewo ali ndi maketulo kunyumba. Onsewo ankadziwa. Ziii! Wina anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula. Wina anayamba kukonza ndiwo zake zimene zinali zokonza kale. Ndani angatsutse tcheya, anyamata a chipani ali pomwepo, mawa n'kupeza tebulo lake laponyedwa kunja? Ndikumvetsa, mantha ndimawadziwa. Koma zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe. Kondakitala wina amene ndinkam'patsa chitumbuwa chaulere analavula malovu pafupi ndi phazi langa.

Anyamata aja anandikankhira kunja kwa geti ngati galu. Ketulo anailanda, akuti akaisunga ku ofesi. Sipanapite nthawi, ndinaona ndi maso angawa amake Dailesi atakhala pamalo panga, pa mpando wanga, ketulo ya amuna anga ili pa mbaula. Akuti anaipempherera, yayera tsopano.

Ine ndinatsala kunja kwa mpanda wa waya, m'mphepete mwa msewu, ndi kabeseni ka nsawa zokazinga. Mvula yonse ija inathera pamsana panga. Ndani agule nsawa za mfiti? Ankagula alendo okha osandidziwa. Kumpopi ndikafika, amai ankasuntha ndowa zawo kuti yanga isakhudze. Pamaliro ndikayandikira kumoto, ankati, "Amake Tisa, pumulani, tiphika tokha." Mwana wanga wamng'ono anabwera kuchokera kusukulu maso atatupa, akuti anzake akumufunsa ngati atate ake amakoma ndi shuga. Muno m'tchalitchi, benchi imene ndinkakhala inali yotakasuka bwino, mbali iyi mpata, mbali iyi mpata. Eee, amai, mukukumbukira.

Ndinapemphera. Koma ndili pamaso pa Mulungu pano, sindinganame. Sindinapemphere kuti, "Ambuye m'khululukireni." Ayi! Ndinkati, "Ambuye, Inu mumatiletsa kubwezera, mumati tikusiyireni. Chabwino, ndakusiyirani. Koma musachedwe. Ndipo musakam'langire kuchipinda, kumene ine sindingaone. Pa geti pomwepo, Ambuye. Dzuwa likuswa mtengo. Anthu omwewo akuona. Chimene waphika, adye yekha." Pemphero limenelo ndinalipemphera m'mawa, masana, madzulo, mpaka maondo anachita zikang'a.

Tsopano mverani mmene Mulungu amagwirira ntchito. Sanatumize mphezi. Sanatumize matenda. Anangosiya madzi a Lusaka agwire ntchito yawo. Madzi saopa chipani, abale! Madzi safunsa khadi! Nkhoko zinayamba kuchulukirachulukira m'ketulo muja, iye akuphika tsiku ndi tsiku. Ndipo kumbukirani, anali iye mwini amene anaphunzitsa msika wonse kuti choyera m'ketulo ndi mafupa. Makondakitala mumawadziwa pakamwa pawo. Wina anapeza kachidutswa m'kapu, anati, "Ba Tcheya, nanga aka? Ni chala olo ni dzino?" Ena anayamba kunena kuti, "Vundukulani tione, tisanagule." Iye ankapala ndi mpeni m'mbali, koma m'mlomo mpeni sufika, ndipo pansi panali pouma gwa ngati simenti. Amai osesa anamuona akutaya zoyera kuseri kwa chimbudzi mozemba. Manong'onong'o anayamba. "Kansi na beve bali navo." Akanatha kungonena kuti ndi za madzi, koma akanena bwanji? Akatero ndiye kuti waulula kuti ine anandinamizira. Bodza lake lomwe linam'tsekera pakamwa. Ine kunja kwa mpanda ndinkangokazinga nsawa zanga, n'kumati, "Pitirizani, Ambuye, ndikuona."

Nthawi yozizira itafika, Lamulungu lina masana, ndinamva kugogoda ku chitseko cha kumbuyo. Kutsegula, ndi amake Dailesi, atadzifunditsa chitenje kumutu kuti anthu asamuzindikire.

Anati, "Asisi."

Ndinati, "Asisi ake ndani? Muno mumakhala mfiti."

Anakhala pa chitini cha madzi ndisanam'patse mpando. Anati kukubwera bwana wamkulu wa chipani kudzayendera msika, ndipo iye monga tcheya ndiye adzam'phikira tiyi pa geti, pamaso pa anthu onse. Anati amai ena amene akufuna mpando wake alumbira kuti adzavundukula ketulo bwanayo akuona. Anati, "Chonde nipapata, niuzeni. Imwe mwenze kuchosa bwanji?"

Ndinati, "Mandimu." Iye anati, "Mandimu chabe?" Ndinati, "Inde. Kodi mafupa a munthu amasungunuka ndi mandimu, ba Tcheya?" Anayang'ana pansi. Sanapepese, abale. Ndinadikira. Mawu amodzi okha akuti pepani, mwina nkhaniyi ikanatha mwina. Sanatuluke.

Ndinamuuza zonse. Kudula, kuwiritsa, kusiya agone. Kenako ndinati, "Koma pansi pake musiye."

Anadzuka, maso ali psuu. "Ehe! Nakuziba iwe! Ufuna nisiye pansi kuti bakanigwile navo! Nizachosa vonse, mpaka iwale!"

Abusa, ndikuona mukundiyang'ana. Ndinanena. Mulungu ndi mboni yanga, ndinanena. Kamodzi. Kachiwiri sindinanene, ndipo chifukwa chake iye sanandifunse. Ndinamuperekeza mpaka pa mtengo wa mandimu wa aneba anga, umene unali utabereka mpaka nthambi kugwa. Ndinam'thyolera ndekha, chitenje chodzaza. Ndinasankha owawasa kwambiri.

Tsiku lija linafika. Msika anausesa mpaka kuwala. Amai a chipani atavala zofanana, ng'oma zikulira, ana asukulu ali pamzere ndi timbendera. Pa geti anaika tebulo la nsalu yoyera, makapu a dongo obwereka, mbaula pambali pake yodzaza makala. Ine ndinali pamalo panga, kuseri kwa waya, ndi nsawa zanga. Galimoto inaima. Anatsika bwana, wamimba yake, atavala suti ya safari yakuda, yosita bwino. Amake Dailesi asanathire madzi, ananyamula ketulo, n'kuivundukula, n'kuizunguliza kuti aliyense aone. M'kati munali mbee, kung'anima ngati yatsopano. Anandiponyera diso kuseri kwa waya kuja. Ine ndinangomwetulira.

Anathira madzi, masamba, mkaka, n'kuika pamoto. Bwana anayamba kulankhula, anthu akuwomba m'manja. Ine sindinkamva za bwana. Khutu langa linali pa mbaula. Ndipo ndinamva. Tsss. Patapita kanthawi, tsss. Dontho likugwera pa khala. Ndinati chamumtima, "Ambuye, ndi Inu kodi?" Tsss, tsss.

Bwana anamaliza, anakhala pampando pafupi ndi mbaula, n'kutambasula dzanja ndi kapu. Amake Dailesi anagwira chogwirira ndi manja awiri, n'kunyamula. Abale! Chigamba chija chinangoti phwaa! Tiyi yense, chiketulo chonse, anakhuthukira pa makala amoto. Phuuu! Nthunzi ndi phulusa zinakwera ngati bomba. Utsi utachoka, tinaona bwana ali mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, kapu ili m'dzanja, yopanda kanthu. Tamandani Mulungu, palibe amene anapsa. Mulungu wanga amadziwa kulasa.

Ng'oma zinaleka. Ndiye kondakitala uja, yemwe uja wa malovu, anakuwa kuti, "Mafupa yakalipa!" Msika wonse unasokonekera. Ena kuthawa, ena kukuwa. Amai osesa anati, "Tinabaona ise, benze kutaya voyela ku chimbuzi!" Anyamata omwe aja, omwe anandikankha ine, anamugwira mikono uku ndi uku. Wina anati, "Mufuna kulodza ba bwana, ai?" Duku linagwa. Ndinaona mantha amene ndinali nawo ine tsiku lija atasamukira pankhope yake.

Anagwada m'matope a tiyi, n'kulira mokuwa kuti, "Si mafupa! Si mafupa, nipapata! Ni va manzi chabe! Manzi ya mu Lusaka! Mu ketulo iliyonse vilimo!"

Bwana akudzipukuta kumaso anafunsa kuti mafupa ake ati. Atamufotokozera, anati, "Imwe bantu muli bwino? Na ine ku Woodlands ketulo ya magetsi ili na vamene ivo. Nanga na ine nine mfiti? Mwine wa ketulo iyi ali kuti?"

Ndinaika beseni langa pansi. Ndinamanga chitenje bwinobwino. Sindinathamange, ayi. Ndinalowa pa geti lija pang'onopang'ono, anthu akundipatukira. Ndinaima pamaso pake iye ali chigwadire. Ndinati, "Bwana, ine ndakalamba, makutu avuta. Anene kachiwiri." Inu mukudziwa makutu anga mmene alili. Ananena kachiwiri. Ndinati, "Amai a kapenta kumbuyoko sanamve." Ananena kachitatu, mokweza. Ndiye ndinamufunsa funso limene linkandidya miyezi yonseyo. Ndinati, "Amake Dailesi, mafupa a amuna anga ali kuti?"

Anati, "Ali kumanda."

"Sindinamve."

"Ali kumanda! Ninanama!"

Aleluya! Aleluya, mpingo wa Mulungu! Pa geti pomwepo. Dzuwa likuswa mtengo. Anthu omwewo akuona. Palibe chimene ndinapempha chimene Mulungu anaiwala.

Malo anga anandibwezera tsiku lomwelo. Mpando wa utcheya anam'chotsa. Anabwerera ku matimati ake kufupi ndi zimbudzi kuja. Koma ketulo, abale, ketulo inafa. Ndinapita nayo kwa mkulu wokhoma zidebe uja, anaisuzumira, anaona thambo kudzera pansi pake, n'kupukusa mutu. Ndinalira panjira ponse. Ndinalira ngati atate ake Tisa amwalira kachiwiri. Anandidyetsa ali moyo, anandidyetsa nayo atamwalira, ndipo pomaliza ketuloyo inalolera kubooka kuti dzina langa liyere.

Amai a chigwirizano, munandibweretsera ketulo yatsopano. Zikomo. Ndinailandira ndi manja awiri, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu munkapepesa nayo zimene pakamwa panakanika kunena. Ndamva. Koma tsiku lina mukadzaona munthu akukankhidwa chifukwa cha bodza limene inu mukudziwa kuti ndi bodza, chonde musadzayang'ane kumwamba ngati kukubwera mvula.

Yakale ija sindinataye. Ndinathiramo dothi, ndinadzalamo njere ya ndimu. Pansi pobooka mpabwino, madzi sakhazikika. Kamtengo kamera, masamba ali biriwiri. Ndinaiika pa geti penipeni, pamene aliyense wolowa mumsika amayenera kuilambalala. Amake Dailesi amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, dengu la matimati lili pamutu. Ine ndimati, "Mwauka bwanji, asisi? Taonani mmene ukukulira."

Abusa anandiyendera, anati, "Amake Tisa, mtima wanu nawonso wachita nkhoko, ufunika kutsuka." Zoona, abusa, sindikukana. Ndayamba. M'mbali ndatsuka, ndimam'patsa moni, tsiku lina ndinam'gula ndi matimati. Koma pansi pake, abusa, mundisiyire kaye. Pali chigamba pamenepo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mkazi wamasiye wogulitsa nsawa kuseri kwa waya. Ndikuthokoza Mulungu amene anabweza amuna anga kumanda kwawo kuti agone mwamtendere. Tsopano imirirani! Nonse, ndi inu a kumbuyo, ndi inu amene munakhala chete tsiku lija, lero ndiye tsiku lanu lotsegula pakamwa. Amai, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane! Kuwani kuti amve mpaka kumsika, mpaka ku matimati kuja! Aleluya! Ameni!